Maikolofoni si chimanga chootcha

Ndatopa nawo anyamata a m'masitudiyo amene nyimbo ikatuluka yoipa amathamangira kunena kuti vuto ndi zipangizo zotchipa. Bodza limenelo. Nthawi zambiri vuto ndi pamene mwamuimika woimbayo.

Mwezi wathawu ndinaperekeza mayi anga aang'ono kukajambulitsa nyimbo ziwiri, ndalama zake zogulitsa mtedza. Mayiwa akayambitsa nyimbo pamaliro, ngakhale adzukulu kumanda amayamba aimika makasu. Mawu awo ndi opyapyala, okwera, oyera. Mnyamata wa pakompyuta, osadzuka n'komwe pampando, anangoti, "Amayi, yandikirani. Yandikiraninso." Mpaka milomo kutsala pang'ono kukhudza maikolofoni, ngati akukukuta chimanga chootcha. Zomwe tinabwera nazo ndi mawu a munthu woimbira mumgolo. Atamvera kunyumba anandifunsa chapansipansi, "Mwanawe, kodi ndakalamba chonchi?" Funso limenelo ndi lomwe landilembetsa izi.

Sanakalambe ayi. Maikolofoni ambiri oimbira anapangidwa kuti azimva za kutsogolo, za kumbuyo ayi, ndipo mtundu umenewu uli ndi khalidwe lake: mukauyandikira kwambiri umakweza besi. Kwa woulutsa mawu pawailesi usiku zimakoma, mawu amanenepa. Kwa mayi woimba mokweza ndi matope okhaokha. Chinanso, mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi 6 dB. Ndiye woimba ali pa masentimita 2, akangogwedeza mutu kufika pa 4, mawu agwa kale. Pa masentimita 20 kugwedeza komweko sikufika ngakhale 1 dB. Nanga kwathu kuno alipo amene amaimba mutu uli chilili ngati msilikali?

Komanso chilankhulo chathuchi chimaomba mpweya. Ikani chikhatho pakamwa, munene kuti "mphamvu", "phiri", "mphepo". Kamphepo mwamvako kakalunjika pamaikolofoni kamamveka ngati wina wamenyetsa chitseko. Mankhwala ake si zija za "tikonza pa mixing". Ndi kansalu kotchinga mpweya, mtunda wa chikhatho chotambasula, ndi kupendeketsa maikolofoni pang'ono kuti mpweya udutse chammbali. Zonsezi n'zosakwana mphindi imodzi, koma zimafuna munthu adzuke.

Yankho lanu ndikulidziwa: makoma ndi a simenti, denga ndi la malata, woimba akatalikira chipinda chimayamba kuimba naye. Zoona, pamenepo sinditsutsa. Koma mabulangete a pakaunjika anatha? Pachikani awiri kumbuyo kwa woimba, imikani matiresi pakona. Khoma ndi lanu, bwanji mukulanga pakhosi pa munthu?

Ndipo inu olira maikolofoni odula, tamvani. Pa chimbale cha Thriller cha 1982, Bruce Swedien anajambula mawu ambiri a Michael Jackson ndi Shure SM7, maikolofoni a m'nyumba zoulutsira mawu, pamene odula kuposa amenewo anali nawo. Pojambula mawu oonjezera pamwamba, ankamuuza Michael kuti abwerere m'mbuyo, iye n'kukweza voliyumu, kuti mawu achiwiriwo asafanane kamvekedwe ndi oyamba. Munthu wa zipangizo zonse ankasuntha woimba. Inu muli ndi maikolofoni amodzi okha, koma kuwasunthako zala zitatu kukukanikani.

Loweruka tikubwererako. Mayi aang'ono amakana, ati manyazi, koma ndawanyengerera. Mabulangete ndanyamula anga, ndipo mnyamata uja ulendo uno adzuka pampando.