KALI KOKHA N'KANYAMA?

Lachinayi lapitali, nthawi ya nkhomaliro, ndinali pamzere kukafiteriya pamene mbale zazitsulo zinagwa m'khitchini. Kwa inu linali phokoso lomva n'kuiwala. Kwa ine zinali ngati munthu wandikhoma msomali m'khutu. Ndinatseka makutu, ndipo nditawamasula manja anga anayamba kukupiza, monga achitira chiyambire ubwana wanga mutu ukadzaza. Mnyamata wina wa chaka chachinayi, amene sabata yomweyo anali atatiwerengera pepala lokoma la umunthu m'kalasi, anaima kumbuyo kwanga n'kumanditsanzira. Tebulo lonse linafa ndi phwete. Aphunzitsi ena anali pomwepo akugula chakumwa, anamwetulira, napitirira.

Chisoni chanu musungire ena, pakuti ine ndachidya kokwanira ndipo sichikhutitsa. Ndabwera kudzakangana nanu, inu amene mumadzitcha ophunzira.

Ine ndili ndi autism. Dzinali ndinalimva koyamba ndili ndi zaka 21, kwa dokotala wina amene anakhala nane maola awiri akundifunsa za ubwana wanga. Ndisanalimve ndinali ndi maina ena ochuluka: wonyada, wamwano, wozerezeka, chitsiru chodziwa masamu. Autism ndi kakulidwe ka ubongo. Munthu amabadwa nayo, amakula nayo, amakalamba nayo. Satengera kwa mnzake ngati chimfine, ndipo palibe jakisoni kapena muzu woichotsa. Imakhudza mmene munthu amalankhulirana ndi anzake, mmene amamvera phokoso, kuwala, fungo ngakhale msoko wa malaya, ndiponso mmene amafunira kuti zinthu ziziyenda mwa ndondomeko yake. Ena mwa ife salankhula mpang'ono pomwe, ena timalankhula za chinthu chimodzi mpaka omvera atathawa. Ena ali ndi khunyu, ena amavutika kuphunzira, ena amakhoza mayeso kuposa inu. Dokotala wa ku England, Lorna Wing, amene mwana wake wamkazi anali ndi autism, ndiye anathandiza dziko kuona, kuyambira mu 1979, kuti tonsefe ndife a mtundu umodzi ngakhale tisiyane chotere.

Mabuku a ku Ulaya amati mwana wa autism amadziwika posayang'ana anthu m'maso. Kwathu mwana woyang'ana akulu m'maso ndiye wamwano, tsono pa chimenecho ine ndinkatamandidwa kuti ndine waulemu. Chimene chinkandikwapulitsa ndi moni. Ndinkadutsa amfumu panjira osawaona, chifukwa maso anga anali pa mzere wa nyerere. Pa maliro a agogo aamuna, ndili ndi zaka 8, ndinafunsa mokweza kuti azakhali akulira chiyani pamene dzana lomweli ankati agogowo ndi mfiti. Funsolo linali loona, ndipo nthyole zinathera pamsana panga. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti pali malamulo osalembedwa amene aliyense anabadwa akuwadziwa, kupatula ine.

Tsono tibwere ku mwambi umene mumaukonda m'mapepala anu: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ine ndimaumva ngati lamulo kwa anthu ambiri, lakuti mukaona mnzanu ali yekha, nyamukani mupite pamene ali. Inu mwausandutsa chigamulo cha bwalo: wakhala yekha, ndiye kuti ndi kanyama, m'sekeni. Umunthu umene umagwira ntchito kwa okhawo odziwa kucheza, kuseka pa nthawi yake ndi kulira pa nthawi yake, umenewo ndi kalabu ya anthu ofanana. Muyeso wa umunthu uli pa munthu amene sakubwezerani moni.

Ndisanalankhule mawu oyamba ndinakwanitsa zaka 4. Bambo anali ndi chigayo, ndipo mudzi sunachedwe kuweruza: anamukhwimira mwanayo kuti chigayo chiziyenda. Akuchimuna nawo anali ndi yawo, ankati amayi anandisempha. Mphini 12 zili pachifuwa panga mpaka lero, umboni wa mbuzi imene inapita kwa sing'anga. Lamulo la mu 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma amayi anga anatunga madzi okha pachitsime kwa zaka zambiri, amayi anzawo akuwatalikira.

Musafulumire kuseka anthu akumudzi, pakuti madigiri nawo anachita zomwezo. Mu 1943 Leo Kanner, dokotala wa ku Baltimore, analemba za ana 11 amene anali ndi khalidwe limeneli, ndipo ananenapo kuti makolo awo ankaoneka ozizira mtima. Mu 1967 Bruno Bettelheim wa ku Chicago anakuza mfundoyi m'buku lathunthu, ndipo amayi ambirimbiri anatchedwa mafiriji, akuti anaumitsa ana awo posawakonda. Uku ndi kukhwimira kovala tayi. Mu 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza mapasa ku Britain napeza kuti nkhaniyi ikuchokera kwambiri m'magazi a mtundu. Mu 2019 kafukufuku wa ana oposa 2 miliyoni m'maiko 5 anapeza kuti chibadwa chimatenga gawo pafupifupi 80 pa 100. Azungu anasiya kuimba mlandu amayi. Ife tidzasiya liti?

M'malo mosiya, ophunzira athu apeza mfiti yatsopano, katemera. Mwezi wathawu uthenga unazungulira pa WhatsApp ya hositelo yathu wakuti katemera wa chikuku amayambitsa autism, ndipo anautumiza ndi wophunzira za sayansi. Bodzali lili ndi mwini wake. Mu 1998 Andrew Wakefield anasindikiza m'magazini ya The Lancet nkhani ya ana 12 okha. Mu 2010 magaziniyo inaichotsa nkhaniyo, ndipo iye anafufutidwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Mu 2019 akatswiri a ku Denmark, atatsatira ana oposa 650,000, sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayo ndi autism. Chikuku ife sitichiwerenga m'mabuku: mu 2010 chinadwalitsa anthu oposa 130,000 m'dziko muno, n'kupha oposa 300. Wotumiza uthengawo akuuza mlongo wake kuti kuli bwino mwana afe ndi chikuku kusiyana n'kuti akhale ngati ine. Ndinamumva bwino.

Ena mumati awa ndi matenda a azungu, a ana okulira pa wailesi yakanema. Kale mu 1978 Victor Lotter anasindikiza zimene anapeza atayendera maiko angapo a mu Africa, ndipo ana a autism anawapeza. Ku America bungwe la CDC linalengeza mu 2025 kuti mwa ana 31 a zaka 8 mmodzi ali ndi autism. Kumeneko ana awo amawawerenga. Kuno timawabisa kuseri kwa nkhokwe alendo akabwera, kenaka n'kumati kwathu kulibe.

Ndikudziwa chimene chili pamlomo panu. Mukuti, iwe uli pa yunivesite, ukulemba Chichewa chomveka, ungalankhulire bwanji amene salankhula? Funsoli n'labwino ndipo sindilithawa. Ndili ndi msuweni wa zaka 13 amene sanatchulepo liwu. Akamva ludzu amagwira dzanja langa n'kuliika pa mtsuko, ndipo amene akuti kumeneko si kulankhula ndiye wosamva. Moyo wake ndi wolemera kuposa wanga, ndipo sindinama kuti autism yake ndi mphatso. Amadzimenyetsa mutu kukhoma, usiku sagona. Mayi ake akamapita kumunda amamumangirira ndi chingwe ku mtengo wa mango, chifukwa tsiku lina anamupeza ali pakati pa msewu. Mayiwo sindiwaimba mlandu. Akapanda kulima adya chiyani? Ndikuimba mlandu mudzi wa mabanja oposa 40, umene umasonkha ufa ndi nkhuni pa maliro alionse, koma ulibe munthu mmodzi woti akhale ndi mnyamatayu maola atatu. Adzamusonkhera akadzafa. Ndikuimba mlandu sukulu imene inamubweza pa tsiku lachiwiri, akuti akusokoneza anzake.

Pa pepala tili bwino. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo la anthu olumala, ndipo mu 2024 linabwera lina latsopano m'malo mwake. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Pa 2 April chaka chilichonse, tsiku limene United Nations inapatula mu 2007, kumakhala zolankhula. Koma lamulo silimasula chingwe pa mtengo wa mango. Amamasula ndi munthu. Ndipo anthu amene mawa adzakhale aphunzitsi aakulu, anamwino, maloya ndi ma DC ndi omwe aja anafa ndi phwete Lachinayi.

Anzanga okoma mtima amandilimbikitsa ponditchulira Temple Grandin, pulofesa wa za ziweto ku Colorado, amene ali ndi autism ndipo anakonza makola ndi njira zoyendetsera ng'ombe zimene zikugwiritsidwa ntchito kwambiri ku America. Mayiyu ndimamulemekeza, koma chitonthozo chimenechi ndikuchikana. Ngati ulemu wathu ukudalira kuti ena mwa ife ndi akatswiri, msuweni wanga watsala kuti? Njira yosankha anthu poona phindu lawo tikudziwa kumene imathera. Ku Vienna, pa chipatala cha Am Spiegelgrund, ana pafupifupi 800 anaphedwa pakati pa 1940 ndi 1945 mu ulamuliro wa Nazi chifukwa anayesedwa opanda ntchito. Mu 2018 wolemba mbiri Herwig Czech anaonetsa kuti Hans Asperger, amene mu 1944 anatamanda nzeru za anyamata ena a autism, anatumizako ana ena amene sanawaone phindu. Munthu ndi munthu asanakhoze mayeso.

Amene ndimamukumbukira ine ndi Donald Triplett, mwana woyamba pa ana 11 a Kanner aja. Ali ndi zaka 3 anaikidwa m'nyumba yosungira ana, ndipo patatha chaka makolo ake anakamutenga. Anakhala pafupifupi moyo wake wonse m'tauni yaing'ono ya Forest, ku Mississippi, akugwira ntchito kubanki, akuyendetsa galimoto, akusewera gofu. Banja lake linali ndi chuma, zimenezo n'zoona. Koma chuma sichigula moni wa panjira, ndipo anthu a tauniyo anamutenga kuti ndi wawo, ndi zachilendo zake zomwe. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Yerekezani ndi kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2016, amene anapeza kuti anthu a autism ankafa ali ndi zaka pafupifupi 54 pamene ena ankafika 70, ndipo kudzipha kunali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Kumeneko ndi ku Sweden, kwa zipatala zabwino. Chikhakhali cha kukafiteriya chili ndi mtengo wake, ndipo olipira ndife.

Mumati ife sitimvetsa anthu. Mu 2012 Damian Milton, katswiri wa ku Britain amene nayenso ali ndi autism, ananena mfundo imene ndikugwirizana nayo, yakuti kusamvana kuli mbali zonse ziwiri. Ine ndatha zaka zoposa 20 ndikuphunzira chilankhulo chanu. Ndinaphunzira kuti munthu akati "ndikubwera" ndiye kuti akuchoka. Ndinaphunzira kuti "tionana" si pangano, kuti "ndafika kale" amanenera ali m'minibasi, ndiponso kuti wofunsa "muli bwanji" safuna kumva za mutu wanga. Ndimaloweza nkhope zanu ngati mndandanda wa mawu a Chilatini, ndipo pofika madzulo ndimakhala nditatopa ngati ndalima ekala. Nanga inu mwaphunzira mawu angati a chilankhulo changa? Kukupiza manja kuja kumatanthauza kuti ndikudzikhazika mtima pansi. Ndi liwu limodzi lokha, ndipo mwalephera.

Zimene ndikupempha sizifuna thandizo la kunja. Aphunzitsi athu, ntchito ya kalasi muziilemba pa pepala, tsiku lake ndi kutalika kwake, m'malo moitchula mukutuluka pakhomo. Wophunzira akapempha kulemba mayeso m'chipinda chachete, m'patseni. Mafunso ndi omwewo, nthawi ndi yomweyo. Nditapempha zimenezi chaka chatha ndinayankhidwa kuti kuno kulibe ana a mfumu, ngati kuti wopempha magalasi akufuna ufumu. Musamachotse malikisi chifukwa munthu walankhula akuyang'ana pansi. Inu a zamaphunziro, mukapita kokayeserera kuphunzitsa, funsani mwana amene wakhala pakona atatseka makutu musanatenge ndodo. Inu a zaumoyo, mayi akabwera kusikelo ndi mwana wa zaka 2 wosatembenuka poitanidwa dzina, muyeseni makutu, ndipo akakhala kuti akumva musamubweze ndi mawu akuti anyamata amachedwa. Ndipo nonsenu, mukapita kutchuthi, fufuzani m'mudzi mwanu mtengo umene uli ndi chingwe. Ulipo. Khalani pamenepo mmawa umodzi kuti mayi ake alime mtima uli m'malo.

Mnyamata wa pepala la umunthu uja sindinamutchule dzina, ndipo akudzidziwa. Lachinayi likudzali ndidzakhala pa tebulo langa la masiku onse, lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera, kumene phokoso limachepa. Pamakhala mipando itatu yopanda anthu. Abwere ndi mbale yake. Sindidzamuyang'ana m'maso, mwina sindidzamupatsa moni, ndipo safunika kunena kanthu. Akakhala pansi tidzakhala tili awiri.