Funso limene kamtsikana ka ku Athens kanandifunsa

Lero ndikufuna ndiulule kanthu kena kochititsa manyazi pang'ono.

Ndaphunzitsa za Agiriki ku Fomu 1 kwa zaka zambiri. Athens, Sparta, Socrates, kachisi wa Parthenon amene anamalizidwa mu 432 BC, zonsezi ana analoweza ndipo mayeso anakhoza. Koma ndinkaphunzitsa ngati kuti Agiriki onse anatha kalekale. Chonsecho bambo anga anali khukhi kwa Mgiriki wina wa esiteti ya fodya ku Namwera, ndipo m'mawa ankatidzutsa ndi mawu oti "kalimera", ife n'kumaseka osadziwa kuti ndi moni.

Mu Ogasiti 2018, mwana wa bwana uja, amene tinkasewera naye tili ana, anandiitana ku Athens. Amakhala m'dera lotchedwa Nea Smyrni, kutanthauza Smyrna Watsopano. Tsiku lachiwiri tikudya, mayi ake okalamba anandifotokozera chiyambi cha dzinali. Mayi awo anathawa mumzinda wa Smyrna, umene lero ndi Izmir ku Turkey, utapsa ndi moto mu 1922. Pangano la mu 1923 litasainidwa, Akhristu oposa 1 miliyoni ochokera ku Turkey anakhazikika ku Greece, ndipo Asilamu pafupifupi 400,000 anapita mbali inayo. Othawawo anatcha malo atsopano mayina a kwawo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mdzukulu wawo wa zaka 9 ankawakonza gogoyo akalumpha mbali ina ya nkhaniyo. Dzina lake ndi la gogo yemweyo, pakuti kumeneko mwana amatenga dzina la agogo. Pa 15 Ogasiti, tsiku lokumbukira Maria, Athens anachita kuti zii, anthu atapita kumidzi ya makolo awo. Ifenso tinapita, ndipo Lamlungu lotsatira kutchalitchi anatigawira koliva, tirigu wowiritsa amene amadya pokumbukira omwalira, mayina awo akutchulidwa mmodzimmodzi.

Kenako kamtsikana kaja kanandifunsa kuti, nanga agogo anu anabadwira kuti? Ine, mphunzitsi wa mbiri yakale wa dipuloma yanga, ndinangoti, "Ku Mozambique kwinakwake." Mudzi sindiudziwa. Chaka chimene anawoloka malire sindichidziwa. Bambo amene ankadziwa anamwalira mu 2011, ndipo sindinawafunsepo.

Sindikunena kuti Agiriki amatiposa. Mavuto a zachuma amene anayamba cha mu 2010 anathamangitsira achinyamata awo ambiri ku Germany ndi kwina, ndipo m'mudzi uja okhalamo chaka chonse anali nkhalamba zokhazokha. Ifenso tili ndi ziwongo, sadaka ndi nkhani za pamoto. Koma zathuzi zili m'mitu ya okalamba, ndipo sukulu yathu imaphunzitsa mwana kuti mbiri yeniyeni ndi ya m'buku basi.

N'chifukwa chake ndikupempha anzanga kuti tisanayambe za Sparta, mwana aliyense akacheze ndi agogo ake kapena wamkulu wina wa pabanja, alembe masamba awiri: anabadwira kuti, anasamuka liti, chifukwa chiyani. Ena munena kuti silabasi ndi yaitali ndipo zimenezi sizibwera pa mayeso. N'zoona. Ine ndayesa kuyambira 2019 ndipo zimangodya mapiriyodi awiri. Mwana amene wafunsa mafunso yekha amamvetsa msanga kuti umboni wa pakamwa n'chiyani, ndipo zimenezo zili mu silabasi.

Inu ana anga a ku Lilongwe, Johannesburg ndi Leeds, ngati agogo akadali moyo, aimbireni foni sabata ino, cholembera chili m'manja. Ine ndinachedwa.

Tionana sabata yamawa, ndikamaliza kuchonga.