Masewero a mbiri yathu asabise za ukapolo



Mu 2005 mpingo wa Mormon unatulutsa filimu ya moyo wa Joseph Smith, koma unadumpha nkhani ya mitala yake. Woonera akatulukira zomwe zabisidwa, amakayikira ngakhale zoona zimene waonetsedwa.

Ifenso tisamale pokonza masewero a mbiri ya Chisilamu kuno ku Nkhotakota. Jumbe Salim bin Abdullah anafika ndi Chisilamu cha m'ma 1840, koma ankagulitsanso akapolo, ndipo ana athu amaphunzira zimenezi m'kalasi. Qur'an sinabise kugonja kwa Asilamu pa nkhondo ya Uhud. Tionetse zonse, pamodzi ndi nkhani ya Bilal, kapolo amene Abu Bakr anamuwombola. Chonde akomiti, gawo limenelo musalidule.