Mwezi umodzi wa notisi si wofanana kwa tonse, a landilodi

Azimayi anzathu, lero tikambe za notisi. Ambirife ku Ndirande, Mbayani, Mtandire kaya ku Chinsapo timakhala nyumba za lendi popanda pepala lililonse. Mwagwirizana pakamwa, mwezi ukatha mwalipira, basi. Eni nyumba amakonda dongosolo limeneli chifukwa tsiku lomwe atope nanu sasowa chonena. "Mwana wanga akufuna alowemo." "Ndikufuna ndikonze nyumbayi." Sabata ziwiri mutatuluka, mupeza mwalowa wina, nyumba osapakako ngakhale laimu.

Ndiye taganizani kuti wopatsidwa notisiyo ndi mayi woyendera chikuku. Inu wa miyendo yonse mukhoza kuzungulira dera lonse tsiku limodzi mukufunsa nyumba. Iyeyo afike bwanji, m'tinjira ta zigwembe timeneti, mvula itagwa? Akaipeza nyumba, pakhomo pali masitepe atatu. Chimbudzi chili kuseri kotsetsereka, chitseko chake chikuku sichingalowe. Kiyosiki ya madzi ili kutali. Ejenti akufuna yake asanakuonetseni ndi khomo lomwe, landilodi watsopano akufuna lendi ya miyezi itatu pamodzi. Zonsezi zitheke m'masiku 30, eti?

Ndipo zomwe akusiya mayiyu sizikwera pa lole. Anagula yekha thumba la simenti n'kuwaka potsetsereka pakhomo. Makasitomala a mashini ake osokera amadziwa pomupeza. Pali neba amene amamutungira madzi, pali wakabaza amene anazolowera kumunyamula bwino popita kuchipatala. Mayi wosaona anatenga miyezi kuti aloweze njira ya kubafa popanda womugwira dzanja. Mukamuchotsa, ayambenso zonsezo pachiyambi, pakati pa anthu osamudziwa. Ife azimayi tikudziwa zomwe zimachitikira mkazi amene sangathawe, akakhala pamalo poti palibe womuzindikira mawu akakuwa usiku.

Zifukwa zenizeni timazimva ndithu, kungoti sizinenedwa pamaso pake. Akuti alendi ena akudandaula za kuchimbudzi. Akuti mwana wake wa khunyu akuopsa ana anzake, ngati kuti khunyu amapatsirana. Akuti munthu wachialubino atibweretsera milandu pano. Ndipo alipo ma landilodi amene amayamba ndi "tithandizane", mayi akakana, mawa lake notisi. Kumeneku n'kusala, kwangovala malaya a notisi.

Tikudziwa mudzati nyumba ndi yanu. Ndi yanudi. Tikudziwanso kuti eni nyumba ena ndi amayi amasiye omwe nsima yawo ndi lendiyo. Palibe akunena kuti munthu akhale ulere. Tikunena za mayi amene amalipira, amene mukumuchotsa chifukwa cha thupi lake. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali kapena chifukwa ndi mkazi. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2024 tinalandira lamulo latsopano la anthu aulumali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti munthu mmodzi pa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Anthu onsewa azikhala kuti, m'mwamba?

Za kuzula chitseko, kusasula malata kapena kutaya katundu panja ndiye tisakambe n'komwe. Mlendi akakana kutuluka, njira ndi ya kukhoti. Anyamata amene mumalandira kangachepe kuti mukatulutse matilesi a mayi wolumala, manyazi akugwireni. Nanunso maneba oonerera pawindo.

Ife tikufuna notisi ya miyezi itatu, yolembedwa, yokhala ndi chifukwa chake, kwa mlendi aliyense waulumali. Mafumu a m'mabuloko musadikire Nyumba ya Malamulo, mukhoza kuyamba kuumiriza zimenezi pabwalo panu mwezi uno.

Mayi amene mwapatsidwa notisi, musatuluke usiku mwamantha. Uzani landilodi alembe. Musafufute mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba omwe munalipirira lendi, ndi umboni wanu. Akakuopsezani pitani ku Victim Support Unit ya polisi. Legal Aid Bureau ilipo chifukwa cha anthu omwe sangakwanitse kulipira loya, ndipo dandaulo la kusalidwa limalandiridwa ku Malawi Human Rights Commission. Ngati kuyenda n'kovuta, tilembereni ku inbox mutiuze dera lanu, mmodzi wa ife abwere akuperekezeni.