Akuti ndifufute Windows, mkazi wanga akukana



Ndine mphunzitsi wa zaka 34 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Chisenga, m'boma la Chitipa. Ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu. Chaka chatha mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatitumizira laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Ine ndimatayipirapo mayeso a ana, pomwe mayi a kunyumba amatayipirapo anthu makalata, ma CV ndi mapologalamu a ukwati n'kumapeza kangachepe ka sopo ndi mchere. Tinagulanso kapulinta, ndipo magetsi athu ndi a sola.

Vuto ndi loti laputopuyi yayamba kuchedwa kwambiri. Ukaiyatsa, madzi a tiyi amachita kuwira iyo isanadzuke. Aliyense wobwera ndi fulashi amatisiyira vairasi. Teremu yathayi mayeso a Sitandade 7 amene ndinasunga pa fulashi yanga anasowa usiku woti mawa lake ndikapereke kwa ahedi, mafoda onse atasanduka ma shortcut. Ndinachita manyazi kwambiri. Ili ndi Windows 10 ndipo ikumalemba kuti a Microsoft anasiya kuisamalira, koma Windows 11 ikuikana.

Tsopano mnyamata wina wa konkuno amene akuphunzira ku yunivesite ku Mzuzu wabwera ku holide. Akuti afufute zonse aikemo chinthu china chotchedwa Linux Mint, chimene akuti n'chaulere ndipo sichigwidwa vairasi. Mkazi wanga wakana kwamtuwagalu. Akuti chaulere chilibe ubwino, komanso m'menemo muli zithunzi za ukwati wathu ndi za malemu mayi ake. Akufunsa kuti mnyamatayo akabwerera kusukulu, zikavuta tidzalirira ndani? Lero ndi tsiku lachitatu tisakulankhulana bwino. Ndalama yogulira ina ndilibe. Nditani Malume?

BM, Chisenga, Chitipa.

Zikomo aphunzitsi,

Poyamba pitani mukawapepese mayiwo, chifukwa pa anthu atatu nonsenu, iwo ndi amene afunsa funso lanzeru kuposa onse. Pokhapo pamene alakwitsa ndi poti chaulere chilibe ubwino. Mnyamatayonso sakunama, koma wakuuzani theka lokoma lokha, monga amachitira aliyense amene wangoyamba kukonda chinthu.

Tiyambe ndi chinthucho. Windows ndi pologalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, ndipo si yokhayo padziko. Mu 1991 wophunzira wina wa ku Finland, Linus Torvalds, anayamba kulemba ina imene inadzatchedwa Linux, n'kuisiya poyera kuti aliyense aione m'kati, aikonze ndi kuigawa. Kwa zaka zambiri inali ya akatswiri okhaokha. Mu Okutobala 2004 kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inatulutsa mtundu wa Linux wofewerako n'kuutcha Ubuntu, liwu lomwe lija ife timati umunthu. Masiku amenewo ankatumiza ma CD ake pa positi mwaulere kwa aliyense wopempha, mpaka analeka mu 2011. Ine ndinali nawo angapo m'dirowa, ena ana anawasandutsa magalasi. Linux Mint inayamba mu 2006 ndi bambo wina wa ku France, Clément Lefèbvre, ndipo inamangidwa pamwamba pa Ubuntu yemweyo, koma maonekedwe ake anawakonza kuti munthu wochokera ku Windows asasochere: batani la menyu lili pansi kumanzere, wotchi kumanja, mafoda monga mwa masiku onse.

Mayi asaope kuti n'chinthu cha m'tchire. Foni ya Android imene ili m'thumba mwawo ikuyendera Linux m'kati mwake. Ngakhale kuno kwathu, bungwe la Baobab Health, limene linayamba kuika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, linadzamanga ntchito yake pa mapologalamu otseguka a mtundu womwewu.

Uthenga umene laputopu ikulembawo ndi woona. A Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo lapadera lowonjezera nthawi. Kompyuta siinafe tsiku limenelo ayi, ikugwirabe ntchito, kungoti mabowo atsopano akapezeka palibenso wodzamata. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, n'chifukwa chake malaputopu ambiri akale akukanidwa ngakhale ali amoyo bwinobwino.

Tsono ubwino wa Mint kwa munthu ngati inu ndi waukulu ndithu. Vairasi ya ma shortcut imene yakusautsaniyo inalembedwera Windows, ndipo ikafika pa Linux imangokhala ngati mbewa yakufa, siithanso kuthamanga. Ndipo imvani izi: kawirikawiri vairasi imeneyi siifufuta mafayilo, imangowabisa. Ngati fulashi ija simunaifomate, ilowetseni pa Mint, mwina mudzapeza mayeso a Sitandade 7 ali phee pamene munawasiya. Komabe mawu oti "sichigwidwa vairasi" ndi okokomeza. Zoipa zolembedwera Linux ziliko, kungoti n'zochepa ndipo sizimayenda m'mafulashi a m'misika mwathu. Dziwaninso kuti fulashi yodwala ikachoka kwa inu imapita ikadali yodwala, mukhoza kumupatsira mnzanu inu osamva kanthu.

Ubwino wina ndi woti ikaikidwa imabwera ndi zogwirira ntchito kale: LibreOffice yotayipira ndi kuwerengetsera malikisi, Firefox ya pa intaneti, zoonera zithunzi ndi ma PDF. Palibe za product key, palibe za kubera laisensi. Pa laputopu yokalamba mnyamatayo asankhe mtundu wa Xfce, ndiwo wopepuka. Eni ake amati imafuna RAM ya 2GB koma kuti muisangalale pafunika 4GB, ndipo kuyambira mu 2020 amatulutsa ya makompyuta a 64-bit okha, choncho ayambe waona zimenezo. Mint 22, imene inatuluka mu 2024, anailonjeza chisamaliro mpaka 2029. Chimene ine ndimaikondera kwambiri n'chakuti siiyamba yokha kukoka ma update bandulo yako n'kutha uli m'tulo. Imakuuza kuti zilipo, iwe n'kusankha tsiku. Komanso kwa inu a ku Chitipa, kumene zilankhulo zimachuluka ngati mitundu ya nyemba, chilembo cha ŵ chimatayipika mosavuta mukatsekula chimene amati Compose key. Amuonetse mayiwo, makalata a Chitumbuka azituluka aulemu wake.

Tsopano theka limene mnyamata uja sanakuuzeni.

Mapologalamu a Windows, aja amathera ndi .exe, sagwira pa Mint. Microsoft Word mulibe, Publisher mulibe, CorelDraw ndi Photoshop mulibe. LibreOffice imatsekula mafayilo a Word ndi Excel ndipo pa kalata wamba kapena pepala la mayeso simudzaona kusiyana kwenikweni. Koma chikalata chokhala ndi matebulo ambiri, mabokosi ndi maluwa m'mbali, ngati mapologalamu a ukwati amene mayi amapangawo, chimatha kusokonekera: dzina la mkwati tsamba lino, la mkwatibwi tsamba linalo. Zilembo zina zimene anazolowera, monga Times New Roman ndi Calibri, sizibwera nayo, imaika zofanana nazo. Ngati mapologalamuwo amawapangira mu Publisher, ndiye kuti ayamba kuphunzira mwatsopano, ndipo makasitomala sadikira munthu akuphunzira. Apa ndi pamene pali ndalama ya mchere ija, musapapeputse. Chinanso, LibreOffice ikasiyidwa yokha imasunga mafayilo m'mtundu wake wa .odt, muisinthe kuti izisunga.docx, ndipo chopita kwa ahedi kapena CV ya munthu muzichisandutsa PDF kuti chikafike monga chinachokera.

Kenako pulinta. Ena amangoti ukalumikiza basi ayamba kugwira, makamaka ambiri a HP. Ena amafuna driver yochita kusaka pa intaneti, ndipo alipo ena amene amakaniratu, kapena amapulinta koma sikana yake osagwira. Simunandiuze mtundu wa kapulinta kanu, ndiye sindikulonjezani kanthu. Chimodzimodzi Wi-Fi ya malaputopu ena imayamba yagona mpaka driver yake itakokedwa. Mwayi wake ngwoti foni ya Android ukailumikiza ndi chingwe n'kutsekula USB tethering, Mint imalandira intaneti popanda kuikamo china chilichonse.

Koma chofooka chachikulu, kwa munthu wokhala m'munsi mwa mapiri a Mafinga, ndi chimene mayi anena. Linux inapangidwa ndi anthu amene intaneti kwawo ili ngati madzi a pampopi. Ukafuna pologalamu yatsopano umaikoka pa intaneti. Si zija zopempha mnzako kuti akuikire pa fulashi. Ikavuta, yankho lake limapezeka, koma lili pa intaneti, m'Chingerezi, ndipo nthawi zina limafuna kutayipa malamulo pa sikirini yakuda imene amati Terminal. Okonza makompyuta ambiri m'matauni mwathu anazolowera Windows. Mukhoza kulipira thiransipoti mpaka pa boma kapena ku Karonga, wokonzayo n'kungoiyang'ana kamodzi, amvekere, "Iyi tiifomate tiikemo Windows." Zaka zapitazo ine ndinasiya kompyuta yanga kwa wokonza wina kuti angoona chimene chinkaichedwetsa. Pobwerako ndinapeza yayera mbee, zolemba za zaka zinayi zitapita, mkuluyo akumwetulira kudikira kuti ndimuthokoze. Mpaka lero ndikamva mawu oti "tifufute zonse" mtima umandigunda.

Ndiye chitani izi, ndipo muzichite mnyamatayo asananyamuke.

Asanakhudze chilichonse, zithunzi za ukwati ndi za malemu apongozi anu zikopedwe malo awiri osiyana, pa fulashi yatsopano imene sinalowepo m'kompyuta ya munthu wina, komanso pa memori khadi kapena pa Google Drive tsiku limene netiweki ili bwino. Mayi azitsekule okha, aziwerenge, akhutire kuti zonse zilimo. Zimene amazikonda kwambiri kazitsukitseni zikhale za papepala. Izi mukanayenera kuchita kalekale ngakhale popanda nkhani ya Linux, chifukwa laputopu yochedwa choncho nthawi zina vuto silikhala Windows, imakhala hard disk ikutsanzika. Ngati ndi choncho, Mint siichiritsa. Mnyamatayo ayeze disikiyo, apukutenso fumbi ku fani, pakuti fumbi la m'misewu ya kwanuko ndikulidziwa.

Zikatero, asaike kanthu. Mint imatha kuyenda kuchokera pa fulashi osakhudza Windows ngakhale pang'ono. Ukazimitsa n'kuzula fulashiyo, kompyuta imabwerera mwakale. Fayilo yake ndi ya pafupifupi 3GB, ndiye ngati anabwera nayo kuchokera ku Mzuzu mwapulumutsa bandulo. Imachedwerapo ikamayenda pa fulashi, musaiweruze pa liwiro. Muiyese kwa sabata yathunthu ndi ntchito zenizeni: pulintani pepala la mayeso, tsekulani pologalamu ya ukwati imene mayi anapanga kale muone ngati maluwa ali m'malo, lumikizani foni, imbani nyimbo, onani kuti batire ikutha msanga bwanji popeza mumadalira dzuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo pa mpando pakhale mayiwo, osati inu kapena mnyamatayo. Iwo ndi amene amakhala pa kiyibodi nthawi yaitali, ndiye chigamulo chikhale chawo.

Akakhutira, Mint iikidwe pambali pa Windows, osati m'malo mwake. Poyatsa muzisankha kolowa. Lamulo la pakhomo likhale loti fulashi ya mlendo ndi intaneti ndi za ku Mint kokha, Windows izitsekulidwa pa ntchito zimene zakanika kwinako, monga Publisher kapena pulinta ikavuta. Ntchito yogawa disikiyi ichitike masana dzuwa lili pamutu, batire itadzaza, chifukwa moto ukathima ili pakati mukhoza kutaya zonse ziwiri. Tsiku lomwelo mugule bandulo yokwanira kuti akoke ma update, ma driver ndi ma codec a nyimbo ndi mafilimu, atsekulenso Timeshift imene imabweza sisitimu pamene inali ikasokonekera. Dziwani kuti Timeshift imateteza sisitimu, osati zithunzi zanu. Password imene aike muilembe m'buku nonse awiri muidziwe, chifukwa Mint imaifunsa nthawi iliyonse mukamaika kanthu, ndipo ndaonapo anthu akuimbira foni mwana wa eni ake ali m'kalasi kufunsa password ya kompyuta yawo yomwe.

Fulashi yoikira ija akusiyireni, pamodzi ndi nambala yake ya foni ndi tsamba limodzi la malangizo olemba pamanja m'chilankhulo chimene mayi amamva bwino. Akakana kuchita zonsezi, akati n'zotaya nthawi iye akufuna kungofufuta, mubwezereni fulashi yake mumuthokoze, laputopu ikhale momwe ilili mpaka holide ina.

Pulinta ikakana ndipo mayi akati ayi, musakakamize. Mukatero sungani Windows kutali ndi intaneti, ndipo fulashi za makasitomala muzizitsekulira pa Mint ya pa fulashi ija. Mundilemberenso teremu ikatha, mundiuze mtundu wa pulintayo komanso ngati mayeso a Sitandade 7 anapezeka.

Malume.