KUDYA KASAWALA NDIKO KUDYA MBEU

Pali mau amene amamveka pa madooko a m'mbali mwa nyanja, ndipo anthu amawanena ngati nzeru ya makolo. Amati, "Nsomba sizitha. Makolo athu anazipeza m'madzi, ife tazipeza, ana athunso adzazipeza." Mau amenewa ndi onama, abale anga, ndipo bodza limeneli latilanda ndiwo pakamwa. Nsomba zimatha monga zinathera njobvu ndi njati m'madera ambiri kumene agogo athu anali kuzisaka.

Wokana zimenezi apite ku nyanja ya Malombe, imene mtsinje wa Shire umapyolamo ukaturuka m'nyanja ya Malawi. M'caka ca 1982 asodzi a ku Malombe anapha cambo coposa matani 8,000. Tani imodzi ilemera monga matumba 20 a cimanga, cotero cambo cimeneco cinaposa matumba 160,000. Pofika caka ca 1994 cambo cophedwa m'nyanja yomweyo sicinakwane ngakhale matani 200. Panapita zaka 12 zokha. Madzi sanaphwe, nyanja sinasamuke. Anatha cambo ndi anthu ndi makoka ao.

Kuti timvetse cimene cinacitika, tiyenera kudziwa kaswedwe ka cambo. Nyengo ya mvula ikayandikira, cambo cacimuna cimakumba cisa mumcenga pansi pa madzi, conga mbale yaikuru. Cacikazi cimaikira mazira m'cisamo, ndipo pomwepo cimawatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake. Ana amaswedwera m'kamwamo, nakhalamo masabata angapo. Akakulako, make amapita nao ku madzi osaya kumene kuli bango ndi udzu, kuti abisale ndi kudya. Tiana timeneti ndi timene timachedwa kasawala. Kuti kasawala akule ndi kuyamba kuswa, pamapita zaka ngati zitatu.

Tsono taonani nchito ya khoka la maso ang'ono, monga la kambuzi ndi la nkaca. Polikoka limakwekwereza pansi, nilifafaniza zisa, nilizula udzu umene tiana timabisalamo. Likagwira cambo cacikazi cimodzi ca ana m'kamwa, zafa nsomba mazana pa nthawi imodzi. Ndipo ena afika posokerera ukonde wa udzudzu ku makoka ao. Ukonde umenewo suphonya kanthu, ngakhale kansomba kocepa ngati njere ya mpunga. Unaperekedwa kuti mwana agonemo asadwale malungo. Bambo wace akapita nao ku nyanja, mwanayo walandidwa kawiri: usiku uno alumidwa ndi udzudzu, ndipo akadzakula adzapeza nyanja yopanda nsomba.

Mlimi aliyense adziwa kuti ngakhale njala ikule cotani, mbeu sadya. Munthu wokazinga mbeu yake mwezi wa Okutobala mudzi wonse umamuseka. Nanga bwanji wokoka kasawala timamucha msodzi wakhama? Kasawala ndiye mbeu ya nyanja.

Ena ayankha nati, "Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Ndife osauka, tikaleka kukoka, tidya ciani?" Funso ili si lopusa, pakuti umphawi uli pa madooko ndi woona. Koma asodzi a ku Malombe ananenanso comweco, ndipo umphawi wao sunathe. Cinatha ndi cambo. Anatsala ndi tinsomba tating'ono ta mtengo wocepa, ndipo ambiri anasenza makoka kukafuna nsomba ku nyanja yaikuru. Kuleka kukoka miyezi iwiri kumawawa, koma kumatha. Nsomba zikatheratu, kudikira kwake kulibe malire, pakuti madzi akatayika saoleka.

Tataya kale zina. Nchila inali nsomba yocuruka ndithu m'zaka za m'ma 1950, koma inacepa kufikira acinyamata ambiri a lero sanaionepo. Mpasa, umene umakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswa, umachingidwa ndi maukonde ndi misampha pa mathiriro a mitsinje, ndipo matope ocokera m'minda ya m'mbali mwa mitsinje amakwirira miyala imene umaikirapo mazira. M'caka ca 2018 akatswiri a bungwe la IUCN analemba mitundu itatu ya cambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, kupambana nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina konse. Mtundu ukatha muno, palibe kwina kokaupempha.

Enanso amati, "Za nsomba ndi za Boma." Indedi, Boma lili ndi mbali yake. Pali lamulo la za nsomba la 1997, ndipo pa nyanja ya Malawi makoka okokera kumtunda amaletsedwa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Boma liyenera kusunga lamulo limeneli mosakondera. Kutentha ukonde wa mmphawi ndi kulekerera ngalawa ya injini ya munthu wolemera ikukoka m'madzi osaya si cilungamo ai, ndipo asodzi akaona zotere amanyoza lamulo lonse. Koma mlonda wa Boma sangaime pa dooko lililonse usiku uliwonse. Cifukwa cake, kuyambira 1993 ku Malombe, kunakhazikitsidwa makomiti a m'midzi oyang'anira madooko. Komiti imene imalandira nsomba kwa woswa lamulo ndi kutseka pakamwa yagulitsa mudzi wake.

Kuti anthu angathe kusunga nsomba zao okha, umboni uli pa cilumba ca Mbenji m'boma la Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira amatseka cilumbaco nyengo ya mvula caka ndi caka. Asodzi onse amacokapo mwezi wa Disembala, nabwerera mvula ikatha, ndipo woswa mwambo amapitikitsidwa. Palibe anafa ndi njala cifukwa ca kutsekako. Asodzi amacokera kutali kudzapempha malo pa Mbenji, cifukwa adziwa kuti pamenepo pali nsomba. Cimene anthu a Makanjira acita kwa zaka zoposa 60, mudzi wina ungalephere bwanji?

Ndipo inu okhala kumtunda, amene simunakwerepo bwato, musati mlandu uwu ndi wa a kunyanja okha. Msodzi amakoka kasawala cifukwa adziwa kuti ku msika kuli womugula. Mai wogula mulu wa kasawala ndi bambo wogula cambo m'nyengo yoletsedwa agwira nao cingwe ca khoka lomwelo.

Cotero cocita ciripo kwa yense. Msodzi apacike khoka m'nyengo yoswa, ndipo ukonde wa udzudzu aubwezere ku mphasa ya mwana. Mfumu iweruze mbale wake monga iweruzira mlendo. Wogula ayang'ane nsomba asanapereke ndalama, ndipo ikakhala kasawala aisiye pomwepo, namuuze wogulitsayo cifukwa cake.