Makina Abise Cinsinsi, Koma Asaname

Abale a kumidzi, masiku ano maina athu, matenda athu ndi mankhwala amene tilandira zilembedwa m'makompyuta. Zipatala zambiri za Boma muno m'Zambia zigwiritsa nchito kaundula wochedwa SmartCare. Tsono ndani ayenera kuona ciani m'kaundula wotere?

Funso limeneli linasautsa asilikali a ku America kale. Mu 1973 akatswiri awiri, David Bell ndi Leonard LaPadula, anaika malamulo a makina osunga zinsinsi: wa udindo waung'ono asawerenge za akuluakulu, ndipo wamkulu asalembe pa tsamba la ang'ono, kuopa kuti cinsinsi cingadonthe. Koma panabuka bvuto lina.

Tiyerekeze kuti sitima ya pamadzi yanyamula zida, ndipo odziwa ndi akuluakulu okha. Kalaliki, poona kuti pa tsamba lake palibe katundu wa sitimayo, afuna kulembapo cimanga. Makina akamkaniza, iye azindikira kuti pali cobisika. Akamlola, kaundula mmodzi asunga nkhani ziwiri za sitima imodzi, ina yoona, ina yonama. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri ena anasankha njira yaciwiriyi, imene pa Cingelezi aicha polyinstantiation.

Kwa asilikali kapena nkoyenera. Koma njira yotere isadzalowe m'zipatala zathu.

Mai wakumwa mankhwala a HIV ali ndi ufulu wakuti kalaliki wa pakhomo, amene kawirikawiri ndi mwana wa mnansi wake, asadziwe. Lamulo la Data Protection Act la 2021 licinjiriza nkhani za umoyo wa munthu, ndipo ine ndibvomereza ndi mtima wonse. Tonse tidziwa m'mene miseche iyendera pa citsime. Komabe taganizani namwino amene makina amuonetsa tsamba loyera ngati maiyo samwa kanthu. Mankhwala a TB ochedwa rifampicin afooketsa dolutegravir, amene ambiri a HIV akumwa, kotero kuti wodwala afunika kuonjezeredwa mlingo. Namwino wonamizidwa sangaonjezere, ndipo kacirombo kangayambenso kuswana m'thupi.

Makina anene poyera kuti, pano pali cipinda cokhoma. Wina adzati mau amenewo aulula kale cinsinsi. Nzoona, ngati alembedwa pa dzina la odwala HIV okha. Cipinda cokhomaco cikhale pa dzina la munthu aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe. Mfungulo ikhale ndi dokotala ndi namwino amene ali pa nchito, ndipo makina alembe dzina la yense wotsegula, tsiku ndi ora lake, kuti wotsegula popanda cifukwa akayankhe mlandu.